Tizitsulo ta Mayi Dzimbiri

6 Febuluwale

Mng'ono wanga Mayi Dzimbiri,

Ndikukulonjera, ngakhale iwe sulonjera anthu. Uli bwanji kunyanjako? Ife kuno tilipo. Alamu ako akudandaula msana wawo wa masiku onse uja, ana akupita kusukulu, shopu ikuyenda mokwawa. Ndalemba kalata chifukwa pafoni umayankha ngati wapolisi, "eya, ayi, ndili pantchito," kenako n'kudula. Pepala sungalidule.

Nkhani ndi ya amayi. Maso aja afika poipa. Sabata yatha anathira mchere mu tiyi wa alamu ako. Dzulo apereka moni kwa ndowa zimene ndinasanja pakhomo la shopu, kuyesa ndi munthu waima, mpaka kuzifunsa kuti kunyumba adzuka bwanji. Ana anaseka chikhakhali, ine ndinalowa kuseri kwa kauntala kukalira. Adokotala akuti ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo imachoka ndi opaleshoni, koma kuno mzere wake ndi wautali moti chaka chingathe tisanaitanidwe. Kwanuko tikumva kuti munthu amalowa m'mawa wosaona, madzulo n'kutuluka akuwerenga nyuzipepala. Ndiye uwatenge. Ine ndawasunga zaka zonsezi, ndawagwira dzanja popita kubafa, ndawamvera madandaulo. Nawenso ulaweko, sanabereke ine ndekha.

China, undiuzenso bwinobwino ntchito imene umagwira, chifukwa anthu akandifunsa ndimasowa poyang'ana. Unati umaviika zitsulo m'nyanja n'kumadikira kuti zichite dzimbiri. Nditawauza akazi a telala woyandikana nafe anaseka mpaka kukhala pansi. Sukulu yonse ija, mabuku odzaza sutikesi aja, mapeto ake kulondera dzimbiri? Kuseri kwa shopu kuno kuli wilibala imene yachita dzimbiri yokha, popanda woilondera, ndipo palibe amene walandira malipiro.

Uyankhe msanga za amayi.

Ndine mkulu wako.

1 Malichi

Achemwali,

Zikomo chifukwa cha moni, ndawalandira pamodzi ndi minga zake. Ndili bwino. Alamu muwauze kuti pepani ndi msana, ana muwapatse moni.

Za amayi zandikhudza, ndipo sindikukana. Ndafunsa kuchipatala kuno, akuti n'zotheka. Koma ndikupempha kuti abwere mu Ogasiti, osati panopa. Chifukwa chake ndi ntchito imene mumaisekayo, ndiye khalani pansi ndikufotokozereni, mukawauzenso akazi a telala akadzuka pamene anagwa paja.

Ndowa zimene mumagulitsazo ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki. Zinkiyo ndi amene amadyeka m'malo mwa chitsulo, n'chifukwa chake ndowa imakhala zaka isanabooke. Koma madzi amchere a m'nyanja yaikulu samasewera, amadya zinki msanga, akamaliza n'kuyamba chitsulo. Anthu ofuna kumanga doko latsopano kuno akufuna kudziwa kuti mizati yawo aikute ndi chiyani kuti isagwe pakati pa ntchito. Ife tinatenga tizitsulo tafulati, tokula ngati chikhatho, n'kutikuta mosiyanasiyana: tina ndi zinki yekha, tina ndi zinki wosakaniza aluminiyamu pang'ono, tina wosakaniza aluminiyamu wambiri. Kalikonse tinakalemba nambala yake ndi penti wachikasu, chifukwa ndi maso sungasiyanitse. Kenako tinatimangirira m'mafelemu n'kutimiza pansi pa mlatho wamatabwa wolowa m'nyanja. Tizitsuloto takhala m'madzi zaka zisanu. Mu Juni tikutivuula komaliza, tiyeze, ine ndilembe lipoti.

Lipoti limenelo likatuluka, abwana andilonjeza ntchito yokhazikika. Likapanda kutuluka, pangano langa limatha mu Ogasiti, ndipo kanyumba ka ntchito kamene ndikukhalamoka ndiyenera kubweza kiyi. Mwamva tsopano? Mwezi wa Juni sindidzakhala ndi mutu wosamalira wodwala.

Wilibala yanuyo ilibe woilondera, n'zoona, n'chifukwa chake mukugula ina chaka chino. Inu mumagulitsa ndowa tsiku ndi tsiku osadziwa chimene chimaisunga, koma kuseka ndiye muli patsogolo.

Amayi muwauze kuti ndimawakumbuka, apirire pang'ono.

Ndine mng'ono wanu.

24 Malichi

Iwe Mayi Dzimbiri,

Moni. Tonse tili bwino, kupatula amene uwadziwa.

Kalata yako yayenda ngati nkhono, yafika titagula kale tikiti ya basi. Tinadikira yankho, kuli zii, alamu ako anati kukhala chete ndiye kuvomera. Amayi anyamuka koyambirira kwa Meyi. Alamu ako awaperekeza mpaka pa siteshoni yaikulu, ukawachingamire kumeneko. Tikiti sibwezedwa, ndipo ngakhale ikanabwezedwa sindikanaibweza.

Ndawerenga za zinki ndi mnzake uja wa dzina lalitali, kawiri konse, ndipo chimene ndatolapo n'chimodzi: tizitsulo tokula ngati chikhatho tili ndi mwezi wake, mayi wako wokubereka adikire mpaka Ogasiti. Bwanji osangonena kuti ukuchita nawo manyazi? Ukuopa kuti apereka moni kwa mizati ya doko anzako ophunzira akuona. Amayi sindinawawerengere mbali imeneyo. Ndangowauza kuti mwana wanu akuti bwerani msanga, akukonzerani chipinda. Ukanaona mmene anasangalalira! Achapitsa kale nsalu zawo zonse, sutikesi ili pakhomo ngati ulendo ndi wa mawa.

Zoti ntchito yokhazikika, ife tinazimva kalekale, chaka chilichonse "ikubwera, ikubwera." Anzako amene munali nawo kalasi imodzi akumanga nyumba, wina akuyendetsa galimoto yakeyake, iwe ukadali pansi pa mlatho ndi nkhanu. Zaka zisanu kudikira chitsulo! Mwana wanga wachiwiri anabadwa chaka chimene unamiza zinthu zakozo, lero akudziwa kulemba dzina lake. Zako zadziwa chiyani?

Mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi ndawaika m'thumba la m'mbali mwa sutikesi. Usawapatse tiyi wambiri, amawasowetsa tulo.

Mkulu wako.

21 Meyi

Achemwali,

Ndikukhulupirira muli bwino nonse. Kalata yanu ija sindiiyankha, chifukwa ndikayamba pepala silikwana, ndipo lero ndili ndi nkhani yabwino imene sindikufuna kuiipitsa.

Amayi akuona! Anafika otopa, miyendo yotupa ndi basi, koma achipatala sanachedwe nawo. Diso lamanja analichita sabata yoyamba, lamanzere sabata yotsatira. Pochotsa bandeji anandiyang'ana nthawi yaitali, ine mtima uli m'mwamba, kenako anati, "Iwe, wakalamba chonchi liti?" Namwino anaseka, ine ndinalira ngati kamwana, osachita manyazi. Pobwerera kunyumba anawerenga chikwangwani chilichonse cha mumsewu mokweza, mpaka cha ogulitsa mabokosi a maliro.

Vuto ndi loti maso atsopanowa sasiya kanthu. Titangolowa m'nyumba anaona kangaude pakona ya denga, fumbi pamwamba pa kabati, ndi ketulo yanga imene akuti inkaoneka bwino iwo ali osaona. Adokotala anati asawerame, asanyamule zolemera, asapite pafumbi. Ndikatuluka ndimapeza asesa, akolopa, ketulo ikuwala ngati ya m'shopu mwanu. Ndikawadzudzula amati, "Eya mwanawe, ndamva," mawa n'kuyambiranso.

Kuntchito zinthu zasokonekera pang'ono. Mphepo ya mkuntho inasasula denga la shedi yathu, ndipo kalipentala akungolonjeza. Tizitsulo tija tikavuulidwa timayenera kuuma pamthunzi, pamalo osadontha, masiku angapo, popanda wotikhudza. Timatuluka tonyansa, tokutidwa ndi zoyerayera ngati phulusa lonyowa, ndere ndi tinkhono tomamatira, fungo lake losaneneka. Koma zoyerazo ndiye chuma chathu. Zinki akamadyeka amapanga chikhungu chimenecho, ndipo chikakhala cholimba chimatseka madzi kuti asalowe. Ife timachijambula, timapala pang'ono n'kuika m'mabotolo, timayeza pasikelo, ndiye timadziwa kuti mtundu uti wapirira. Popeza shedi ilibe denga, ndakhoma thandala pakhonde lakuseri kwa nyumba yanga, tidzaumira pamenepo. Abwana ali kutchuthi, sindinawafunse.

Amayi ndawauziratu katatu konse kuti za pathandalapo asadzakhudze, iwo ndi mlendo, azingopuma. Avomera.

Mukhoza kuwalembera kalata yawoyawo, tsopano akuwerenga okha.

Mng'ono wanu.

3 Juni

Amayi,

Muli bwanji, mayi wanga? Ndamva kuti mukuona, ndipo ndavina m'shopu makasitomala akuyang'ana. Adzukulu anu akuti mubwere msanga mudzaone mmene atalikira. Alamu ake a mng'ono wangayo akuti tsopano tiyi wawo akhala wa shuga.

Ndamvanso kuti mwapeza nyumba ya mwana wanu wophunzira ili ndi akangaude. Ine sindikudabwa. Kuyambira ali wamng'ono uja, mukamutuma kukwecha poto ankapita ndi buku, poto n'kubwera mmene anapitira. Munkamulekerera chifukwa cha malikisi a kusukulu, lero mwadzionera nokha ndi maso atsopano.

Wandilembera kuti wakuuzani kuti musakhudze kanthu, muzingopuma. Amayi, inu ndi wamkulu, mukudziwa kuti mawu amenewo aliyense amauza mlendo. Ine ndikapita kwa apongozi anga amati "khalani pansi, musavutike," koma ndikakhaladi pansi, nkhani yake imafika mpaka kumsika. Uyo wakulipirirani chipatala, wakusungani, ndipo mawa adzayimba paliponse kuti anakutsegulani maso inu mutangopinda manja. Musamupatse mpata umenewo. Muonetseni kuti kumene anachokera kuli anthu odziwa ntchito.

Akuti akubweretsa zitsulo zake zonunkha pakhonde, zodzaza ndere ndi nkhono, ndipo anzake a kuntchito azibwera kudzaziona pamenepo. Tangoganizani, anthu olemekezeka kufika pakhomo pamene pali mayi wamkulu, n'kupeza uve uli pathandala. Adzati mayiyo ndi wotani? Manyaziwo adzakhala anu, iye anawataya kalekale.

Muzimwa mankhwala anu. Mundilembere ndi dzanja lanu, ndione.

Mwana wanu woyamba.

19 Juni

Mwana wanga,

Ndine mayi ako, ndikulemba ndekha. Ukaona mizere yokhota usaseke, dzanja linaiwala. Ndili bwino kwambiri. Moni kwa bambo a ana ndi adzukulu anga onse.

Nyanja ndaiona. Ndi yaikulu mopanda nzeru, ndipo madzi ake sungachapire, sopo sachita thovu.

Kalata yako ndinaiwerenga, ndipo unanena zoona. Zitsulo zija anabwera nazo ndi bambo wina wa bwato, anazinyamula pang'onopang'ono ngati mazira, atavala magolovesi, n'kuziyala pathandala. Mwana wanga, uve umenewo sindinauonepo. Zoyera mbuu, zina zobiriwira, tinkhono tili kakata, ntchentche ng'waa. Mng'ono wako anazizungulira, kuziyang'ana ngati akuyang'ana khanda. Anandiuzanso kuti amayi musakhudze, ine ndinati eya. Mumtima ndinati, mwana uyu wandibwezera maso, ine ndimubwezere chiyani? Ndalama ndilibe, manja ndili nawo.

Lachitatu anapita kutauni kukatenga makina ojambulira ndi kukaonana ndi abwana ake, anati abwera madzulo. Atangotuluka ndinamanga nsalu m'chiuno. Phulusa kuno kulibe, amaphikira magetsi, ndiye ndinakatapa mchenga kugombe, ndinatenganso kawaya kokwechera mapoto. Tinkhono tinakana, ndinachita kutokosa ndi mpeni. Zoyera zija zitachoka panatsala zotuwa, ndinati ayi, ine sindisiyira ntchito panjira, ndinakwecha mpaka chitsulo chenicheni chinaoneka. Panalinso penti wachikasu wolembalemba, nayenso anachoka. Ndinayamba m'mawa, ndinamaliza dzuwa litapendeka, zala zinachita kutuluka magazi, koma ukanaona! Zonse waliwali, ndinadziona nkhope. Ndinazitsukuluza ndi madzi apampopi n'kuziyala bwinobwino, mmene mtima wanga unafunira.

Mng'ono wako atafika anaima pakhonde, chikwama chili m'manja, kukamwa yasa. Kenako anangokhala pansi, pasimenti penipeni. Ndinati waona, mwanawe, ukanandiuza kale. Misozi ili mbwembwembwe, anaona zala zangazi, anazigwira n'kunena kuti, "Zikomo amayi, mwatopa." Analowa kubafa, anatsegula madzi, anakhalitsa kumeneko. Sindinadziwe kuti mwanayu ali ndi mtima wofewa chonchi.

Abwana ake anabwera mawa lake, bambo aulemu. Anatenga kachitsulo kamodzi, kukatembenuza uku ndi uku, ndikuganiza anadabwa. Ndapempha tingapo kuti ndidzakubweretsere, n'tabwino poikapo poto wamoto. Mng'ono wako wati nditenge tonse.

Ndine mayi ako.

24 Juni

Achemwali,

Moni ndikupatsani chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero, osati chifukwa ndikufuna kudziwa mmene mwadzukira.

Kalata imene munawalembera ndaiona. Andionetsa okha, monyadira, kuti ndione mmene mkulu wanga amandiganizira. Ndiye mverani zimene mwagula ndi sitampa yanu. Amayi akwecha tizitsulo tonse. Chikhungu choyera chimene nyanja inamanga zaka zisanu chapita ndi madzi a m'beseni. Zinki ndi aluminiyamu amene anatsala pansi pake, amene ndinayenera kuyeza, achoka ndi mchenga. Manambala achoka. Lero ndili ndi mulu wa tizitsulo tofanana, tonyezimira ngati masupuni a paukwati, ndipo palibe munthu padziko amene anganene kuti aka kanali ka mtundu uti. Omanga doko ankafuna yankho la zaka zisanu. Ndili ndi zithunzi za zaka zoyambirira, koma chofunika chinali mapeto, ndipo mapetowo ali mu ngalande ya kuseri kwa nyumba.

Abwana sanakalipe. Anandiitanira muofesi, anatseka chitseko, n'kundifunsa funso limodzi: ndani anandilola kuchotsa katundu wa ntchito kupita naye kunyumba? Ndinavomera kuti palibe. Pangano langa silionjezedwa. Mu Ogasiti ndibweza kiyi.

Mwakhala mukufunsa kuti ntchito yanga ndi yotani. Musavutikenso, ndilibe. Kawauzeni akazi a telala, aseke bwino, mwina nthawi ino agwa chagada. Inu munadziwa, ndinakulemberani ndi manja angawa kuti zoyerazo ndiye chuma chathu. Munawerenga, kapena munangofufuza poti museke? Moyo wanu wonse chinthu chimene simukuchimvetsa mumachitcha uve. Mwatenga mayi wokalamba, wa mabala m'maso, amene adokotala anamuletsa kuwerama, n'kumutuma kukagwada tsiku lonse pamchenga kuti inu mupambane mkangano wa paubwana wathu. Zala zawo ndikuzimanga mabandeji mpaka lero.

Chinthu chimodzi ndikukuuzani, osati kukupemphani. Amayi asadziwe. Akuyenda mokondwa, akuuza aliyense kuti anathandiza mwana wawo. Ndawauza kuti ntchito ya kuno yafika kumapeto kwake basi. Mukatsegula pakamwa panupo, ine ndi inu tathana.

Mng'ono wanu, ngati mukadali naye.

8 Julaye

Mayi Dzimbiri, kapena tsopano tizikutchula chiyani,

Moni. Ife tili bwino, zikomo posafunsa.

Kalata yako ndaiwerenga, inkachita kutentha m'manja. Koma usandikwezere mawu, ine si wantchito wako. Ndinagwira mchenga ine? Ndinakhoma thandala ine? Munthu wa masukulu onse aja, kutenga chinthu cha zaka zisanu n'kuchiyala pathandala, pamalo poyanika mbale, pakhomo pamene pali mayi amene moyo wake wonse sanadutsepo poto wakuda osamukwecha! Ngakhale mwana wanga wa zaka zisanu uja akanakuuza. Unalephera kugula loko? Unalephera kuwakhazika pansi n'kuwafotokozera monga unandifotokozera ine, masamba awiri athunthu? Ayi, unangoti "musakhudze, muzipuma," ngati ukulankhula ndi mlendo wobwera kudzamwa tiyi. Unaona kuti mayi ako sangamve za zinki. Kunyoza kumeneko n'kwako, usandipachike nako ine.

Ndipo sindikuona chimene ukulirira. Nyanja yauma? Zitsulo zatha m'dziko? Kuta zina, umize, ukhalenso pansi pa mlatho wako. Ngati abwana akowo akuchotsa munthu chifukwa choti zinthu zatsukidwa, ndiye kuti kumeneko kunalibe ntchito, kunali masewera a anthu okhuta.

Amayi sindiwauza, usaope. Ine ndiye ndimadziwa kuwasunga.

Ukasowa kolowera bwera, sitikuthamangitsa. Mtsikana wa pakauntala akupita kukakwatiwa, malo alipo. Uzidzawafotokozera makasitomala chimene chimasunga ndowa, mwina tigulitsa zambiri. Tizitsulo tija musaiwale, amayi andilonjeza.

Mkulu wako, amene adzakhalabe mkulu wako.

22 Julaye

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndikukhulupirira ana ali bwino. Za ine usafunse.

Ndadziwa. Usanamizire mng'ono wako, iye sananene kanthu, ndipo sakudziwa kuti ndikulemba. Zandiuza ndi zitsulo zomwezo.

Ndinaziika pawindo la kuchipinda kwanga kudikira ulendo. Patangopita masiku owerengeka ndinaona timadontho tofiira. Ndinati mwina sindinapukute bwino, ndinakwechanso. Mmawa mwake zafiiranso, kuposa poyamba. Ndinakwecha kachitatu. Sabata isanathe zonse zinali psuu, dzimbiri lochita kudetsa nsalu. Mutu unandiima. Chinthu chakhala m'madzi amchere zaka zisanu osafiira, chifiire bwanji pawindo, pouma, m'manja mwanga?

Ndinatenga kamodzi n'kupita nako kugombe kwa bambo wa bwato uja. Poyamba anazemba, akuti funsani mwana wanu. Ndinati bambo, ine ndi msinkhu wa mayi anu, musandizungulitse. Anakhala pamphepete pa bwato n'kundiuza zonse. Akuti chimene ndinachotsa chija ndicho chinali chovala cha chitsulo, ndipo mpweya wa kunyanja wokhawu umakwana kudya chitsulo chovula. Akuti mng'ono wako ankapita pansi pa mlatho uja ngakhale nyengo yozizira, madzi ali m'chiuno, kukaona ngati zingwe zili bwino. Akuti ntchito yamuthera.

Ndinapita kwa abwana ake ndekha, nditavala nsalu yanga yabwino. Ndinagwada pakhomo la ofesi. Bambo aja anathamanga kudzandidzutsa, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Ndinati wolakwa ndine, mwanayu anandiletsa, langani ine. Anati amayi, palibe amene akulangidwa, koma nyanja sitingaiuze kuti ifulumire, ndipo omanga doko apita kale kukafunsa kwina. Anandiperekeza mpaka pageti mwaulemu. Ulemu umenewo ndinabwera nawo kunyumba, sunandithandize kanthu.

Iwe, kalata yako ija ndaiwerenganso, pang'onopang'ono. Unkadziwa kuti zoyerazo n'zofunika, bambo wa bwato akuti mng'ono wako amauza aliyense, ndiye iwe sakanakubisira. Ine unandilembera za manyazi ndi za apongozi ako. Pakamwa pako ndinapalekerera kuyambira uli mwana, ndinkati n'kuchenjera. Koma sindikutula katundu yense pa iwe. Mwana anandiuza katatu, kachinayi zitsulo zili pathandala, ine ndinamva ndi makutu awiri n'kusankha kudziwa kuposa iye. Manja anali anga.

Chipinda chakumbuyo uchotsemo makatoni, tikubwera awiri kumapeto kwa Ogasiti. Akafika, dzina lija umamutchula ndisalimvenso, ndipo za pakauntala usamuuze, adzanena yekha chimene akufuna.

Panopa akulongedza mabuku. Sanandikalipirepo ngakhale kamodzi, ndikanakonda akanatero. Amaphika, amandifunsa ngati ndakhuta, amaseka ndikamuyang'ana kuti ndisadziwe. M'mawa ndi madzulo amandikhazika pampando kuti andidonthezere mankhwala m'maso. Amati, "Yang'anani kumwamba, amayi," ndiye nkhope yake imabwera pafupi ndi yanga. Ndimaiona bwinobwino, mwana wanga, chilichonse chimene chili pamenepo. Adokotala aja ntchito yawo anaigwira.

Mayi ako.